Suti ya Amalume Kingstone Yalowa pa Intaneti

Likhubula, Mulanje
8 Meyi 2017

Wokondedwa Chiyembekezo, mwana wa mlongo wanga,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji ku Ndirandeko? Nanga ntchito ya makompyuta ikuyenda? Kuno tadzuka. Azakhali ako a Lines ali bwino, mwina kuposa muyeso, chifukwa pakamwa pawo sipakupuma.

Ndisazungulire. Chiyambire Pasaka sindinakwere phiri ndi mlendo ngakhale mmodzi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikulondolera alendo m'phiri la Mulanje, ndipo pa Sapitwa ndapondapo ka 214, kope lake ndili nalo. Koma masiku ano mzungu amatsika galimoto pa Likhubula dzina la gaidi lili kale m'foni. Amangoti, "Hudson ali kuti?" Hudson yemwe uja ndinamuphunzitsa ndekha, amene tsiku loyamba analira pa Chambe kuti akufuna amayi ake. Ine ndimatsala pa benchi ndikuingitsa ntchentche.

Tsono achimwene a azakhali ako, a Yosefe, omwe ndi kapitawo ku esiteti ya tiyi, andipezera ntchito ya ulonda wa pa geti. Ndiyenera kuyamba pa 1 Okutobala. Azakhali ako alamula kuti tsikulo likafika ndisanapeze mlendo, ndikavale yunifolomu. Chiyembe, ine ndizikatsegulira thirakitala geti ndi kuimenyera saluti?

Akuti iwe umalowetsa anthu m'mafoni. Undilowetsemo. Yankho upatsire a Robson a minibasi, amasiya pa golosale ya pa Chitakale. Usandiimbire, mayunitsi amatha munthu usanamalize moni, komanso foni ya panyumba pano imakhala yomangidwa pa chitenje cha azakhali ako.

Ine malume ako,
Kingstone

Ndirande, Blantyre
15 Meyi 2017

Okondedwa amalume,

Moni ndalandira ndipo ndathokoza. Ine ndili bwino. Mundiperekere moni kwa azakhali.

Kalata yanu ndinayamba kuiwerenga ndikuseka, koma pofika pa nkhani ya geti kuseka kunatha. Musadandaule, ntchitoyi ndiigwira. Chimene mukufunacho chimatchedwa webusaiti. Ili ngati chikwangwani cha pa sitolo, kungoti chanuchi azichiona munthu ali ku Jeremani atakhala pa mpando wake. Inenso zindithandiza. Kuno kokonza makompyuta ndatopako, ndipo ndikamafunsira ntchito yopanga mawebusaiti amandiuza kuti, "Tione zimene unapangapo." Ndizidzawaonetsa yanuyi.

Pali zinthu ziwiri zoti tigwirepo. Tsamba liyenera kukopa maso msanga, chifukwa munthu wa pa intaneti alibe chipiriro. Akapanda kuona chomugwira mtima m'masekondi asanu, wapita kwa Hudson. Komanso tsambalo liyenera kumapezeka. Mlendo amalemba pa Google kuti akufuna gaidi wa ku Mulanje, ndipo Google imamuikira mayina pa mndandanda. Amene ali pamwamba ndiye amadya.

Ndiye munditumizire zithunzi zanu muli m'phiri, muli pa ntchito, thukuta lili kamukamu. Mutumizenso mawu ochepa onena za inu. Ochepa, amalume. Mizere isanu yakwana.

Ine mwana wanu,
Chiyembekezo

Likhubula
29 Meyi 2017

Wokondedwa Chiyembe,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino monga tilili kuno, ngakhale chiperoni chayamba kutilowa m'mafupa. Ndachedwa kuyankha chifukwa suti inali kwa telala.

Zithunzi za m'phiri ndilibe. Azungu andijambula zaka zonsezi, koma zithunzizo anapita nazo kwawo. Chimodzi chokha ananditumizira mayi wina wa ku Holande mu 1998, koma chikuonetsa msana wanga ndi chikwama chake. Komanso ndaganiza mofatsa. Munthu woti aonekere dziko lonse angaoneke ali thukuta kamukamu, malaya ong'ambika paphewa? Anthu adzati kwawo kulibe abale.

Choncho ndinakwera matola mpaka ku Limbuli, ku situdiyo ya a Mustafa, ndipo chithunzi ndi ichi. Suti ndi ya ukwati wanga ija, yangotsegulidwa pang'ono m'chiuno. Kumbuyo kwanga kuli nsalu yojambulidwa nyumba zosanjikizana ndi ndege ikunyamuka. Inalipo ina ya phiri, koma phiri lake silinali lathu, linali loyera pamwamba ngati lathiridwa ufa, ndiye sindinafune kunamiza anthu. Maluwa ndagwirawo ndi apulasitiki, usaope kuti afota.

Mawu ndalemba masamba anayi. Mizere isanu ingakwane ngakhale moni yekha? Ndayamba ndi kulonjera alendo, kuwafunsa za kunyumba ndi za ulendo. Kenaka mbiri yanga. Kenaka malamulo anga a m'phiri: kuti ine ndimayenda liwiro la munthu wotsalira kumbuyo, kuti sindinasiyepo munthu panjira, kuti wotopa timapuma naye osamuseka, ndiponso kuti tiyi wa pa Chambe ndimaphika ndekha. Usachotsepo kanthu.

Nanga a Gugo akowo kwawo ndi kuti? Ngati ndi anthu omva, zinanazi zilipo kuno.

Malume ako,
Kingstone

Ndirande
12 Juni 2017

Okondedwa amalume,

Moni kwa inu ndi azakhali. Google si munthu, ndi makina, ndipo sadya zinanazi. Koma ine ndimadya.

Chithunzi cha suti ndachiona. Anzanga a kuntchito anachionanso, ndipo mmodzi anafunsa ngati mukuimira ukhansala. Amalume, mzungu akaona ndege ndi maluwa adzaganiza kuti mumagulitsa matikiti. Ndachisunga bwino pamodzi ndi masamba anayi aja.

Ndapanga masamba awiri m'Chingerezi, ndipo ndawasindikiza pa pepala kuti muwaone. Tsamba A lili ndi chithunzi chimodzi chachikulu cha thanthwe la Chambe, chomwe ndinajambula tili pa ulendo wa sukulu, mawu asanu ndi limodzi okha, ndi batani lobiriwira loti mlendo adine akafuna kukulemberani. Tsamba B lili ndi tizithunzi tating'onoting'ono m'mizere, ndi mayina a njira: Chambe, Lichenya, Sapitwa.

Pa ntchito yathuyi sitiyendera zokonda mwini, timayesa. Mupeze anthu khumi, makamaka alendo osakudziwani. Aliyense mumuonetse tsamba limodzi kwa masekondi asanu okha, kenaka mulibise, mumufunse kuti wakumbukira chiyani. Mulembe mayankhowo munditumizire. Basi, palibenso china choti muchite.

Mwana wanu,
Chiyembekezo

Likhubula
26 Juni 2017

Wokondedwa Chiyembe,

Moni. Chisankho chachitika dzulo titaweruka ku tchalitchi, ndipo chinali chamtendere, kupatula pang'ono.

Malangizo ako ena sindinawatsate. Anthu khumi ndi ochepa, ena akanadandaula kuti tawasala, choncho anavota anthu 103. Za masekondi asanu zinakanika. Ine ndiwaonetse pepala a Samueli, mkulu wa mpingo wa zaka 80, kenaka ndiwatsomphole asanavale n'magalasi omwe? Ndinaleredwa ine. Aliyense anayang'ana mpaka kukhuta, ndipo a Samueli anatengera mapepalawo kunyumba Loweruka kuti akawaone bwino ndi akazi awo.

Kampeni inatentha. A chipani cha A ankati phiri likuoneka mwaulemu. A chipani cha B, motsogozedwa ndi azakhali ako, ankati A ndi wowononga, theka la pepala ndi mitambo yokhayokha, pamene B wadzaza mpaka m'mphepete. Koma mbali zonse zinkafunsa funso limodzi: mwini wake ali kuti, kapena anamwalira? Pomva kulira kwa anthu, ndinaimika woima payekha. Ndinamata chithunzi china cha suti pa katoni, pansi pake ndinakoperapo masamba anayi aja, ndi kulemba C.

Zotsatira ndi izi: A mavoti 9, B mavoti 14, C mavoti 78, owonongeka awiri. Anthu alankhula. Ino ndi nthawi ya matipate, mwanawe, ndipo ine ndinaima pa mzere mu 1993 iwe usanabadwe. Lemekeza zofuna za anthu.

Malume ako,
Kingstone

(Kapepala kopezeka mu envulopu yomweyo)

Chiyembe, ndine azakhali ako. Ndalowetsa kapepalaka iwo ali kubafa. Chisankho chija anabera. Aliyense wovotera C ankalandira chinanazi kuseri kwa tchalitchi, ndipo owerenga mavoti anali iwo omwe. Zinanazizo zinali zanga zogulitsa.

Koma nkhani yanga si imeneyo. Mwanawe, usawanamize amalume akowa. Munthuyu wakula. Ku geti kuli malipiro a mwezi ndi mwezi, jombo ndi jasi la mvula. Phiri silipereka penshoni. Sindikudana ndi ntchito yakoyo, koma pa 1 Okutobala ndi pa 1 Okutobala.

Lines

Ndirande
3 Julaye 2017

Okondedwa amalume,

Moni. Ine ndinapempha kuti muyese, inu mwachititsa chisankho. Anthu 103 aja onse amakudziwani kuyambira muli mnyamata, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adzafune gaidi kuti akwere phiri lomwe amatolamo nkhuni.

Ndayesa ndekha kuno. Ndinapita ku loji ina yofikira azungu, ndinapempha alendo khumi, ndipo asanu ndi atatu anakumbukira phiri ndi batani lobiriwira. Tsamba A lapambana, ndipo kuyambira Lachisanu lili pa intaneti. Ndi lokongola, amalume. Ndimalitsegula m'minibasi n'kumadzisirira ndekha.

Koma kuti pasakhale ziwawa za pambuyo pa chisankho, woima payekha uja ndamupatsa kaunduna. Pansi penipeni pa tsamba A pali kamawu koti Chichewa. Munthu akadina pamenepo amapeza suti, ndege, maluwa ndi masamba anayi onse, osachotsapo ngakhale liwu limodzi. Ndisaname, kamawuko ndakachepetsa kwambiri kuti ondilemba ntchito asakaone.

Mlendo akadina batani lobiriwira n'kulemba, uthenga uzibwera pa foni ya kunyumbayo, ndipo inenso ndiziuona kuno. Muwapemphe azakhali aziimasula pa chitenje. Pa Google pakadali pano muli pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, Hudson ali pa loyamba. Musataye mtima. Google imakweza tsamba limene anthu akulitsegula ndi kulikonda, kungoti zimatenga nthawi.

Mwana wanu,
Chiyembekezo

Ndirande
24 Julaye 2017

Amalume,

Moni wachangu, a Robson akuliza hutala panja. Zayamba kuyenda! Kompyuta yanga imawerenga anthu otsegula tsamba lanu. Sabata yoyamba analipo anayi, ndipo atatu mwa iwo ndinali ine. Koma masabata awiri apitawa afika 312. Ndinanena kuti tsamba A ndi lamphamvu!

Nanga uthenga uja mwauona? Gulu la anthu khumi ndi awiri likufuna kukwera ku Lichenya Loweruka pa 29. Sanalembe dzina, ndipo Chingerezi chake n'chothyokathyoka, ndikuganiza kuti ndi Afalansa. Konzekani, pezani onyamula katundu. Muwauze azakhali kuti geti lija lipeze mwini wina.

Chiyembekezo

Likhubula
2 Ogasiti 2017

Chiyembekezo,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo.

Loweruka ndinaitana onyamula katundu asanu ndi mmodzi. Tinakhala pa Likhubula kuyambira 6 koloko m'mawa. Ndinawauza magaidi onse a pa benchi, Hudson ali pomwepo, kuti lero muona. Inakwana 9 koloko. Inakwana 11 koloko. Hudson ananyamuka ndi azungu ake awiri, ndipo pondidutsa anavula chipewa n'kundipatsa moni waulemu kwambiri. Akanandiseka zikanakhalako bwino.

Dzuwa lili paliwombo kunatulukira Simon, mkulu wa kwaya ya ku tchalitchi kwathu, ali pa njinga, mano onse ali pamtunda. Akuti, "Amdala, batani lobiriwira lija limagwiradi ntchito? Tinalidina Lachinayi la sabata yatha ku pulakatisi, tonse khumi ndi awiri." Afalansa ako ndi amenewo.

Za anthu 312 ndiulule ndekha. Unanena kuti a Gugo amakweza tsamba limene anthu akulitsegula. Ndiye ndinalengeza ku tchalitchi, ku maliro a ku Milonde ndi pa msika wa Limbuli kuti aliyense wa foni ya tachi azitsegula katatu pa tsiku, monga mankhwala. Anthu anamvera. Ena anapitiriza muyeso.

Onyamula katundu ndinawapepesa ndi nkhuku ziwiri za azakhali ako, ndipo mlandu wake sunathe. Chiyembe, ndachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Dzulo a Yosefe abweretsa yunifolomu kuti ndiyese. Ikundikwana bwinobwino, ndipo zimenezo zandiwawa koposa zonse.

Undichotse m'mafonimo. Mauthenga akubwerabe, koma ndikudziwa kuti ndi a kwaya, ndipo ndikuwayankha moyenera.

Kingstone

Ndirande
11 Sepitembala 2017

Okondedwa amalume,

Moni. Aka n'kachitatu kukulemberani osayankhidwa. A Robson akuti makalata mumalandira, koma mumangowapinda n'kuika m'thumba. Inonso mukaipinda mudzanong'oneza bondo.

Pa nkhani ya kwaya cholakwa china ndi changa. Ndikanayang'ana kumene anthu 312 aja ankatsegulira, ndikanaona kuti onse ali ku Mulanje komweko. Chimwemwe chinanditseka maso. Ndinakhumudwa mpaka ndinakhala mwezi wathunthu osayang'anako. Dzulo ndinatsegula kuti ndifufute zonse monga munanenera, ndipo ndinapeza mauthenga atatu ochokera kwa mayi Rosie a ku Zomba.

Amalume, munawayankha chiyani amayiwa? Ndawaimbira foni. Akuti uthenga woyamba munayankha kuti, "Pitani mukalime." Wachiwiri munati, "Mumuuze Simon kuti ndidzamuthyolera njinga." Wachitatu munangoti, "Mulungu akuona."

Si a kwaya. Ndi anamwino opuma ntchito, alipo asanu ndi anayi, ndipo wamng'ono pa onse ali ndi zaka 58. Mwayi wanu ndi wakuti mayankho anu anaseka nawo mpaka misozi. Akuti pomwepo anatsimikiza kuti ndinu munthu weniweni, chifukwa wakuba wa pa intaneti sathamangitsa kasitomala katatu.

Tsopano gwirani mpando. Sanakupezereni pa tsamba A. Iwo analemba pa Google m'Chichewa kuti, "kukwera phiri la Mulanje anthu akuluakulu". Ndayesa ndekha. Suti yanu ikutuluka pamwamba penipeni, ndipo pansi pake palibe gaidi wina aliyense. Magaidi onse, ndi ine ndemwe, takhala tikulimbirana mawu a Chingerezi ngati agalu pa fupa, osaganiza kuti Mmalawi naye angafune kukwera phiri lake. Pa tsamba langa lokongola lija anthu amakhala masekondi asanu ndi atatu. Pa lanu a Rosie anakhala mphindi khumi ndi imodzi, ndipo mawa lake anawerengera anzawo mokweza. Akuti magaidi enawo pa zithunzi ali pa nsonga za miyala, akudumpha, manja m'mwamba, ndipo iwo anaopa kuti anthu otere adzawasiya panjira. Akutinso masamba onse amene anatsegula, inu nokha ndi amene munawapatsa moni.

Akubwera Lachisanu pa 22, masiku atatu, ku Chambe. Apempha kuti mukawachingamire mutavala suti kuti akuzindikireni. Ndagonja, amalume. Kamawu ka Chichewa kaja ndakakweza pamwamba ndi kukakulitsa. Woima payekha walowa m'boma.

Mwana wanu wogonja,
Chiyembekezo

Likhubula
15 Sepitembala 2017

Wokondedwa Chiyembe, mwana wanga wanzeru,

Moni wochuluka, wodzaza dengu. Uli bwanji? Nanga anzako a kuntchito aja, makamaka wa ukhansala uja, ali bwanji?

Sindinena zambiri. Mawu a akulu akoma akagonera. Anthu 78 sangalakwe onse, ngakhale atadya zinanazi. Mayi Rosie ndawapepesa pa foni, ndipo mayunitsi anatha tili pakati pa moni, koma tinamvana.

Vuto ndi limodzi. Azakhali ako atamva kuti ndi amayi asanu ndi anayi, ndiponso kuti anakopeka ndi chithunzi, anati iwonso akwera nawo. Akuti gululo lakwana khumi. Munthu amene wakhala nane zaka 29 m'tsinde mwa phirili osafika ngakhale pa Dziwe la Nkhalamba, lero akuyenda m'makomo kubwereka jombo.

Asinthanso malamulo mpira uli mkati. Poyamba ankati ndipeze mlendo. Tsopano akuti ulendo umodzi si ntchito. Yunifolomu aisita, aipachika pa msomali moyang'anizana ndi bedi, ndipo ndi chinthu choyamba chimene ndimaona ndikadzuka. Utipempherere.

Malume ako,
Kingstone

Likhubula
27 Sepitembala 2017

Chiyembe mwanawe,

Moni. Ndikulemba miyendo ili m'beseni la madzi otentha. Lero ndi tsiku lachitatu ndikutsika khonde chobwerera m'mbuyo. Amalume ako ali bwino, akungoyendayenda pabwalo ngati phirilo anachita kugula.

Lachisanu anavaladi suti. Amayi aja atatsika minibasi anakuwa kuti, "Ndi omwewo! Nanga ndege ili kuti?" Hudson ndi anzake anaseka, koma kuseka kunachepa ataona zikwama zisanu ndi zinayi zikufuna onyamula. Jekete anavula pa mtsinje woyamba. Tayi anafika nayo pamwamba.

Njira imene akuti achinyamata amayenda maola atatu, ife tinayenda asanu ndi atatu. Ine ndinapita kukalondera mwamuna, koma titangodutsa Dziwe la Nkhalamba ndinalibe mphamvu yolondera ngakhale duku langa. Amayi a ku Zomba aja, ndi mashuga awo ndi mawondo awo, anali kutsogolo akuimba nyimbo za Mvano. Wotsalira kumbuyo ndinali ine. Ndinakhala pa mwala n'kunong'oneza kuti ndafa, mundikwirire pompano. Amalume ako anaimitsa gulu lonse, nati, "Amayi, apa ndi pamene timaonera mbalame." Panalibe mbalame, Chiyembe. Anachita zimenezi kasanu ndi kawiri, ndipo amayi aja ankayang'anadi m'mitengo. Kaya sanadziwe, kaya anangondisungira ulemu.

Munthu amene kunyumba sadziwa pokhala supuni, kumeneko amadziwa mwala uliwonse woterera. Amanunkhiza mphepo n'kunena kuti chifunga chifika pakatha ola, ndipo chimafikadi. Zaka 29 ndakhala ndikuchapa masokosi ochokera m'phirimo, ndikutukwana matope ake, osadziwa kuti amuna anga ndi munthu wotere. Ndinachita manyazi, komanso ndinanyada.

Loweruka m'mawa anatitengera m'mphepete mwa phiri, poonekera pansi. Minda ya tiyi inali ngati chitenje choyanika. A Rosie analoza malayini a esiteti ina n'kuyamba kulira. Akuti anabadwira m'menemo, bambo awo ankathyola tiyi, ndipo ali mwana ankauzidwa kuti phiri ndi la mizimu ndi azungu. Akuti, "Zaka 66 ndimangoliona pa windo la basi." Tonse tinalira, ngakhale ine amene m'thupi munalibe madzi.

Kenaka ndinawakoka amalume ako pambali kuti andilozere geti la a Yosefe. Analoza. Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa. Anati, "Ukuona kadontho koyera pafupi ndi mitengo ya bulugamu? Kanyumba ka mlonda ndi kameneko." Anatembenuka kukathira amayi aja tiyi.

Lolemba ndinakwera kabaza ndekha, miyendo ili yotupa choncho, kukabweza yunifolomu. Achimwene anakalipa kwambiri. Anandifunsa kuti tidzadya chiyani mvula ikayamba, alendo akasiya kubwera. Ndinawayankha kuti sindikudziwa, ndipo sindikudziwadi. A Rosie akuti auza amayi a ku tchalitchi kwawo ndi aphunzitsi opuma ntchito, koma lonjezo si ndiwo. Ndili ndi mantha, mwanawe, ndisakubisire. Koma ndinaona kukula kwa malo amene munthuyu amagwirako ntchito, ndipo ndinaonanso kukula kwa kanyumba kaja. Ine sindingamulowetsemo.

Tsono ntchito yatsala kwa iwe ndi makina akowo, musagone. Ndipo pa tsambalo ukonze chinthu chimodzi lero lomwe. Amayi awiri a m'gulu lija ndi amasiye, ndipo mmodzi anapempha tiyi katatu. Pansi pa chithunzicho ulembepo ndi zilembo zikuluzikulu kuti bamboyu ali pabanja.

Ine azakhali ako,
Lines